Bungwe la Cecilia Woyera ndi Maphunziro a Oimba m'Tchalitchi

Makwaya ambiri m'maparishi muno amadziwika ndi dzina la Cecilia Woyera, ndipo tsiku la 22 November likamayandikira oimba amakonzekera chikondwerero cha nkhoswe yao. Cecilia adali namwali wa ku Roma amene adafera chikhristu pa nthawi ya mazunzo, ndipo dzina lake limatchulidwa m'Pemphero loyamba la Ukaristia pamodzi ndi Agatha, Lucia ndi Agnes. Mbiri yakale imasimba kuti pa tsiku la ukwati wake, zoimbira zili kulira, iye ankaimbira Mulungu yekha mumtima mwake. Nchifukwa chake oimba adamusankha kuti akhale wao.

Koma dzina lomweli ndi dzinanso la bungwe lina limene lidasintha maimbidwe a m'matchalitchi a ku Ulaya, kuyambira pa tchalitchi cha Episkopi kufikira pa kachalichi ka kumudzi. Mbiri yake iyenera kudziwika kwa akatekisiti, oimba limba ndi otsogolera makwaya, pakuti mavuto amene bungwelo lidalimbana nao sadathe, angosintha malaya.

M'mene zinthu zidaliri

Zaka za m'ma 1800 zili pakati, nyimbo za m'matchalitchi ambiri a ku Germany, Austria ndi Italy zidaatengera maimbidwe a m'nyumba za zisudzo. Kwaya inkakhala pa nsanja kumbuyo kwa tchalitchi pamodzi ndi oimba malipenga ndi ng'oma, ndipo wansembe ankadikira pa guwa kuti iwo atsirize. Mau a Gloria kapena a Credo ankadulidwa pakati ngati nyimbo yatalika, mwina mau amodzi ankabwerezedwa kambirimbiri mpaka tanthauzo lao kusowa. Woimba limba akatopa ndi nyimbo za Eklezia ankalowetsapo zimene anthu ankavinira dzulo lake. Akhristu ankamvera, ena ankasangalala ndithu, koma kupemphera kudali kwina.

Ku midzi ya ku Bavaria vuto lidali lamtundu wina. Kumeneko mphunzitsi wa sukulu ndiye adalinso woimba limba ndi wotsogolera kwaya. Iye ankafuna kutsanzira za m'mizinda ali ndi oimba owerengeka, osaphunzira bwino, ndipo zotuluka zake aliyense angathe kuziganizira. Anthu amenewa sadali oipa mtima. Palibe amene adaawaphunzitsa kuti nyimbo ya pa Misa ndi chiyani, ndipo palibenso kumene akadapeza mabuku oyenera.

Ku Regensburg kudali wansembe wina, Carl Proske, amene poyamba adali dokotala wa mankhwala. Iye adayenda ku Italy nakopera pamanja nyimbo zakale za Palestrina, amene adamwalira mu 1594, ndi za anzake a nthawi imeneyo. Kuyambira mu 1853 adayamba kuzisindikiza m'mabuku otchedwa Musica Divina. Motero chuma chidapezeka. Chidatsala nchakuti wina achifikitse kwa mphunzitsi wa kumudzi uja.

Bambo Witt ndi msonkhano wa ku Bamberg

Amene adachita zimenezi ndi Bambo Franz Xaver Witt. Adabadwa mu 1834 ku Walderbach, ali mwana wa mphunzitsi, kotero kuti umphawi wa kwaya ya kumudzi ankaudziwa kuchokera pakhomo pa makolo ake. Ali mnyamata adaimba m'kwaya ya tchalitchi cha Episkopi ku Regensburg, adalandira unsembe mu 1856, ndipo pambuyo pake adaphunzitsa kuimba ku seminale. Mu 1866 adayambitsa nyuzipepala ya oimba, Fliegende Blätter für katholische Kirchenmusik, ndipo mu 1868 adaonjezapo ina, Musica Sacra. Chaka chomwecho cha 1868, pa msonkhano waukulu wa Akatolika ku Bamberg, adakhazikitsa bungwe la Allgemeiner Cäcilien-Verein, ndiye kuti Bungwe la Cecilia Woyera la maiko onse olankhula Chijeremani. Papa Pius IX adalivomereza mu December 1870.

Mphamvu ya bungweli idali pa kakonzedwe kake. Pansi penipeni padali kagulu ka pa parishi, kamene kadali kwaya yeniyeniyo pamodzi ndi wotsogolera wake ndi wansembe. Maparishi oyandikana ankapanga chigawo, zigawo zinkapanga bungwe la dayosizi, ndipo pa msinkhu uliwonse padali mkulu woyang'anira. Makwaya a m'chigawo ankakumana: m'mawa Misa yoimbidwa monga malamulo afunira, kenaka kwaya iliyonse inkaimba anzake ali kumva, ndipo odziwa ankanena poyera pamene pakoma ndi pamene palakwika. Mphunzitsi amene chibadwire adali asanamvepo nyimbo za Gregorian zikuimbidwa bwino ankabwerera kwao atazimva ndi makutu ake. Pa nthawi zina ankaitanidwa ku maphunziro a masiku angapo, kumene ankaphunzira kuwerenga manoti, kutchula bwino Chilatini, kudziwa dongosolo la chaka cha Eklezia ndi kugwira limba mwaulemu. Nyuzipepala zija zinkabwera ndi timapepala ta nyimbo zosavuta, zoti kwaya yaing'ono ingathe. Kuyambira mu 1870 padalinso kaundula wa nyimbo zimene akadaulo a bungwe adaziyesa nazivomereza, ndipo m'kupita kwa zaka mudalowa nyimbo zikwi zingapo.

Apa pali chinthu choyenera kuchigwira bwino. Malamulo oletsa nyimbo zosayenera adalipo kale chiyambire Msonkhano wa ku Trent, umene udatha mu 1563, ndipo Aepiskopi adaawabwereza kawirikawiri. Sadaphule kanthu kwenikweni, chifukwa kuletsa munthu nyimbo imodzi yokha imene amaidziwa nkumuuza kuti akhale chete, ndipo sangavomere. Bambo Witt adaika nyimbo ina m'manja mwa woimbayo, namuonetsa kaimbidwe kake, namupatsanso anzake oti azimumva.

Sukulu ya ku Regensburg

Maphunziro a masiku ochepa sakadakwanira kwa amene adzaphunzitse ena. Tsono mu 1874 wansembe wina wa bungwe lomweli, Bambo Franz Xaver Haberl, adatsegula sukulu ya nyimbo za Eklezia ku Regensburg. Sukuluyo ilipo mpaka lero ndipo tsopano ili pa msinkhu wa koleji. Mmodzi mwa amene adaphunzirako ndi Lorenzo Perosi wa ku Italy, amene adakatsogolera kwaya ya tchalitchi cha Marko Woyera ku Venice pa nthawi imene Giuseppe Sarto adali Episkopi wa mzindawo. Sarto ameneyu atasankhidwa kukhala Papa Pius X mu 1903, sipadapite miyezi inai asanalembe kalata yotchuka ya Tra le sollecitudini, pa 22 November, tsiku lenileni la Cecilia Woyera. M'kalatamo adaphunzitsa kuti nyimbo ya m'tchalitchi ikhale yoyera, yopekedwa mwaluso ndi yoti Akhristu a mitundu yonse angaimve popanda kukhumudwa, ndipo adalamula kuti m'dayosizi iliyonse mukhale kabungwe koyang'anira zimenezi. Zimene wansembe wa ku Bavaria adayamba ndi aphunzitsi a kumidzi zidasanduka lamulo la Eklezia yense. Bambo Witt sadazione, pakuti adaamwalira kale ku Landshut mu 1888. Bungwe lidaolokanso nyanja: mu 1873 John Singenberger adayambitsa lina lotere pafupi ndi Milwaukee ku America.

Pamene bungwe lidaphonya

Kubisa zolakwa za bungweli kukadakhala kunamiza owerenga, ndipo m'zolakwamo ndimo muli phunziro lalikulu.

Poyamba, changu chidapitirira muyeso. Misa za Haydn ndi Mozart zidaonedwa ngati zosayenera, ndipo m'malo mwake mudalowa nyimbo zambiri zopekedwa ndi anthu a mtima wabwino koma a luso lochepa, zosalakwira lamulo lililonse koma zosakhudza mtima wa munthu. Anton Bruckner, Mkatolika wopemphera kwambiri ndi katswiri wa limba, adaona nyimbo yake ina itasindikizidwa mu Musica Sacra atamusinthira manoti osamufunsa, ndipo zidamuwawa. Kaundula wa nyimbo zovomerezeka ndi chida chabwino, koma akakhala m'manja mwa anthu ochepa okonda mtundu umodzi wa nyimbo amasanduka mpanda wotsekera kunja amene Mulungu adawapatsa mphatso yoposa.

Chachiwiri chidali chachikulu. Bambo Haberl adasindikiza mabuku a nyimbo za Gregorian potsata buku lina la ku Roma la m'zaka za 1614 ndi 1615, akukhulupirira kuti lidachokera m'manja mwa Palestrina. Mabuku ake adalandira chilolezo chapadera cha ku Roma kwa zaka 30. Koma amonke a Benedikito Woyera a ku Solesmes, ku France, adafufuza zolembedwa pamanja za zaka mazana ambiri m'mbuyomo naonetsa kuti buku lija lidaadula ndi kusintha nyimbo zenizenizo. Mkangano udatenga zaka zambiri ndipo udali wowawa. Potsiriza Papa Pius X adalamula kuti pakonzedwe mabuku atsopano potsata kafukufuku wa amonkewo, ndipo Graduale ya ku Vatican idatuluka mu 1908. Makwaya amene adaaphunzira mabuku a ku Regensburg mokhulupirika adayenera kuyambanso. Amene adaaphunzitsa ena kumvera Eklezia adayesedwa pa kumvera komweko, ndipo ambiri adamvera.

Zimene Eklezia afuna lero

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha pa 4 December 1963, udapatula mutu wathunthu, ndime 112 mpaka 121, pa nkhani ya nyimbo. Zina za m'menemo Bambo Witt akadazilandira ndi manja awiri: makwaya alimbikitsidwe, kuimba kuphunzitsidwe m'maseminale, m'manovisiyeti ndi m'sukulu za Katolika, oimba aphunzitsidwe za mapemphero a Eklezia osati za mau okha, nyimbo za Gregorian zikhale patsogolo, limba la mipope lilemekezedwe, ndipo mau a nyimbo agwirizane ndi chiphunzitso cha Katolika, makamaka atengedwe m'Malembo Oyera ndi m'mapemphero a Eklezia. Koma Msonkhano udapitirira pamenepo. Udanenetsa kuti kwaya isalande mbali ya Akhristu onse, ndipo pa ndime 119 udati mitundu ya anthu imene ili ndi maimbidwe aoao, makamaka m'maiko a mishoni, maimbidwewo apatsidwe ulemu ndi malo. Zoimbira zina zidaloledwa ngati Aepiskopi a dziko avomereza. Ku Africa ntchitoyo idaayamba kale: mu 1958 Bambo Guido Haazen ndi kwaya ya anyamata a ku Kamina, ku Congo, adajambula Missa Luba, mau a Chilatini oimbidwa ndi ng'oma pa maimbidwe a kwao.

Ufulu umenewu sudachepetse kufunika kwa maphunziro. Udakuonjezera. Wopeka nyimbo m'Chichewa ayenera kudziwa kuti chinenerochi chimatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, ndiponso kuti kukwera ndi kutsika kwa mau kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango usiyana ndi mtengo wa pa msika. Nyimbo yobwerekedwa kunja imene ikankhira mau m'njira ya eni ake imamveka ngati mlendo wolankhula Chichewa chothyoka, ndipo nkhalamba ya kumudzi imangoyang'ana pansi. Maimbidwe a makolo, oti mmodzi atsogolere ndipo onse athire mang'ombe, agwirizana bwino ndi Salimo la pakati pa mawerengo, komabe ndi pamenepo pamene makwaya ena amaikapo nyimbo ina iliyonse m'malo mwa Salimo la tsikulo.

Malangizo a Musicam Sacram a pa 5 March 1967 adaika nyimbo za pa Misa m'magulu atatu, ndipo wotsogolera kwaya aliyense ayenera kuwadziwa pamtima. Zoyamba kuimbidwa ndi malonje a wansembe ndi mayankho a anthu, mapemphero a wansembe, Sanctus ndi Atate Athu. Zachiwiri ndi Kyrie, Gloria, Credo, Agnus Dei ndi mapemphero a Akhristu. Nyimbo zolowera, za zopereka ndi za pa Komunyo zili m'gulu lachitatu. M'maparishi ambiri dongosololi lidatembenuzidwa: masabata athunthu amathera pa nyimbo ya zopereka ndi mavinidwe ake, pamene Amen wamkulu wotsiriza Pemphero la Ukaristia amangong'ung'udzidwa. Woimba limba nayenso ali ndi lamulo lake: pa Adiventi aimbe modziletsa, ndipo pa Lenti limba lingothandiza mau a oimba basi, kupatula Lamulungu lachinai, masiku a chaka ndi zikondwerero. Kiyibodi ya magetsi, imene idalowa m'malo mwa limba lopopa ndi mapazi, ili ndi mabatani a ng'oma ndi zokuzira mau zimene zingathe kukwirira tchalitchi chonse. Mnyamata woigwira kawirikawiri adaphunzira yekha pomvera wailesi. Luso ali nalo, ndipo kumudzudzula pa guwa sikungamuphunzitse zimene palibe adamuuzapo.

Bungwe la ku Germany lija likugwirabe ntchito, likulu lake lili ku Regensburg, ndipo Musica Sacra ikusindikizidwabe. Za Palestrina ndi za Chilatini zidali zoyenera malo ao ndi nthawi yao. Chimene dinale iliyonse ingatengeko nchosafuna ndalama zambiri: oimba limba ndi otsogolera makwaya a maparishi oyandikana azikumana kawiri kapena katatu pa chaka, pakhale wansembe kapena sisitere wodziwa manoti, kwaya iliyonse iimbe anzake ali kumva, ndipo nyimbo zatsopano ziziwerengedwa mau ake zisanalowe m'tchalitchi. Akatekisiti asasiyidwe kunja, pakuti m'matchalitchi a kumidzi kumene wansembe amafika kamodzi pa miyezi ingapo, iwo ndiwo amasankha zoimba Lamulungu lililonse. Pa msonkhano woyamba kungakwane kutenga buku la mawerengo, kuona Masalimo a masabata anai a Adiventi, ndi kugwirizana kaimbidwe kake.