Nthawi ya pa kachipangizo kanga ikusiyana ndi ya pa laputopu

Aphungu,

Ndine wophunzira za makompyuta ku Mzuni. Ndinapanga kachipangizo koyeza mvula m'munda wa khofi wa amalume anga. Pulogalamu yake ndinailemba mu C pa Raspberry Pi, ndipo nthawi ndimaitenga mu time_t n'kuilemba mu failo momwe ilili. Ndikatsegula failoyo pa laputopu, madeti amasokonekera, ena amasonyeza chaka cha 1970. Ndalakwitsa pati?

Mnyamata wa ku Luwinga, Mzuzu

Achimwene,

Ntchito mwaiyambayi ndi yabwino, musaisiye. Vuto lanu lili pawiri.

Loyamba ndi time_t yemweyo. Malamulo a chiyankhulo cha C sanena kuti akhale wamkulu bwanji. Pa Linux amawerenga masekondi kuchokera pa 1 January 1970 pa nthawi ya UTC, koma pa makina ambiri a 32-bit amatenga mabaiti 4 pomwe pa laputopu ya 64-bit amatenga 8. Kachipangizo kanu kakalemba anayi, laputopu n'kuwerenga asanu ndi atatu, imameza nthawi pamodzi ndi manambala a mvula. Zili ngati kuyeza chimanga ndi chitini kwinaku wogula akuwerenga ndowa.

Mabaiti anayiwo ali ndi malire. Nambala yaikulu yomwe angasunge ndi 2,147,483,647, ndipo idzakwana pa 19 January 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu. Ikadzadutsa pamenepo, wotchi yotere idzabwerera ku December 1901. Ichi n'chifukwa chake Linux 5.6 ya 2020 ndi glibc 2.34 ya 2021 zinatsegula njira yoti makina a 32-bit nawonso asunge nthawi mu 64-bit.

Choncho time_t asamalowe mu failo. Musinthireni ku int64_t wa mu stdint.h, amene kukula kwake n'kofanana paliponse. Mukamalemba ngati mabaiti, sankhani dongosolo limodzi la mabaitiwo ndipo mulilembe pamwamba pa pulogalamu. Chapafupi kwa inu ndi kulemba nambalayo ngati mawu ndi PRId64, kapena deti lonse motsata ISO 8601. Sungani UTC nthawi zonse. Dziko lathu lili patsogolo ndi maola awiri, koma maolawo muziwaonjezera posonyeza amalume pa sikirini basi.

Lachiwiri ndi la 1970. Raspberry Pi zambiri zilibe wotchi ya batire. Magetsi akazima, kumunda kopanda intaneti, kachipangizoko kamadzuka kosadziwa tsiku, n'kuyambira pa ziro kapena pa nthawi yakale yomwe kanasunga. Gulani kawotchi ka DS3231 kokhala ndi batire yakeyake mukalumikize. Muuzenso pulogalamu kuti ikaona chaka chakale kuposa chomwe munaipangira, iike chizindikiro pa mzere womwe ikulemba mu failo. Poyeza kuti mvula yagwa kwa mphindi zingati, gwiritsani ntchito CLOCK_MONOTONIC, amene sabwerera m'mbuyo ngakhale wina akonze wotchi.

Manambala a mvula amapindulitsa mlimi akasungidwa zaka zambiri, ndipo khofi wa amalume anu adzakhala akubereka 2038 itadutsa. Konzani failoyo tsopano mvula isanayambe, ndipo musanabwerere kumunda, ikani wotchi ya kachipangizoko pa chaka cha 2039 muone ngati pulogalamu ikuyendabe bwino.