Chingerezi cha pa Ntchito: Safunsa Anadya Phula

Akuluakulu akale adati: safunsa anadya phula. Mwambi umenewu uyenera kukhala mutu wa phunziro lililonse la Chingerezi cha pa ntchito, pakuti kawirikawiri munthu sagwa chifukwa chosowa mawu aatali a m'mabuku iyayi, koma chifukwa cha liwu limodzi lalifupi, ndilo “Yes”, limene alinena asanamve bwino zimene auzidwa.

M'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, koma Chingerezi chakhalabe chinenero cha boma, cha m'mabanki ndi cha makalata a m'maofesi. Wopita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena ku London achipezanso chili kumudikira. Tsono ku sukulu mwana aphunzira kulemba chimangirizo kuti akhoze mayeso, koma pa ntchito safunsidwa chimangirizo. Chofunika kumeneko ndicho kumva lamulo, kuyankha zoona, ndi kupangana mtengo popanda wina kudandaula pambuyo pake.

1. “Inde” ndi “Yes” sali amodzi

Pa Chichewa mwana woleredwa bwino avomera kuti “Inde” pamene wamkulu alankhula, kusonyeza ulemu ndi kuti ali kumvetsera. Koma bwana wolankhula Chingerezi akamva “Yes”, ayesa kuti munthuyo wamvetsa zonse ndipo walonjeza kuzichita.

Msampha wina wobisika uli m'mafunso okana. Mwachitsanzo, kapitawo afunsa mnyamata wa m'sitolo kuti, “Haven't you locked the store?” Mnyamatayo sanatseke, tsono poganiza mwa Chichewa ayankha “Yes”, ndiye kuti, “Inde, sindinatseke.” Kapitawo amva kuti mwatsekedwa, napita kwawo mtima uli m'malo, ndipo katundu agona pakhomo posatseka. M'mawa mnyamatayo atchedwa wabodza, chikhalirecho iye ananena zoona. Lamulo lake ndi ili: m'Chingerezi yankho litsata chinthu chimene chachitika, osati mawu a wofunsa. Ngati sichinachitike, yankho ndi “No”, funsolo likhale lotani. Kotero wanzeru ayankha chiganizo chathunthu: “No, I have not locked it,” kapena “Yes, I have locked it.”

2. Kufunsa si chipongwe

Ambiri aopa kufunsa kuti angaoneke osaphunzira, komatu manyazi a kamphindi apambana kulira kwa mwezi wathunthu. Ziganizo zitatu izi ziyenera kulowezedwa pamtima: “Could you say that again, please?” popempha kuti abwereze, “Please speak more slowly,” popempha kuti alankhule mosathamanga, ndi “What do you mean by that?” popempha tanthauzo.

Choposa zonsezi ndicho kubwereza lamulo kwa mwini wake: “So you want fifteen bags by Friday. Is that right?” Pakutero cholakwa chigwidwa chisanabale mwana.

Oyendetsa ndege adaona kulemera kwa mwambo umenewu pa ngozi yoopsa. Pa 27 Malichi 1977, pa chisumbu cha Tenerife, cha dziko la Spain, ndege zazikulu ziwiri, ina ya KLM ina ya Pan Am, zidagundana pa bwalo mkati mwa nkhungu, ndipo anthu 583 adafa. Zifukwa zidali zingapo, koma china mwa izo chidali mawu osamveka bwino. A m'ndege ya KLM adayesa kuti aloledwa kunyamuka. Wolangiza wa pa nsanja adawayankha kuti “OK”, koma mawu ake otsatira, owauza kuti ayambe adikira, adasokonezeka pa wayilesi. Pambuyo pake malamulo a kalankhulidwe adakhwimitsidwa, kuti woyendetsa ndege azibwereza mfundo zazikulu za lamulo, osangovomera chabe. Ngati anthu ophunzira chotere afunika kubwereza, kalaliki kapena mmisiri alibe chifukwa chochitira manyazi.

3. Misampha isanu ya tsiku ndi tsiku

Woyamba ndi manambala. “Fifteen” ndi “fifty” amveka ngati amodzi, makamaka pa lamya. Pa “fifteen” mawu atsindika kumapeto, pa “fifty” atsindika koyamba. Woitanitsa matumba a simenti 15 akalandira 50, ngongole ya matumba 35 igwera iye. Ayenera kutchula nambala imodziimodzi: “one five” kapena “five zero”.

Wachiwiri ndi nthawi. “On Friday” ndiye kuti Lachisanu lomwelo, koma “by Friday” ndiye kuti ntchito ikhale itatha Lachisanu lisanapite. Mngerezi akati “half seven” anena 7:30. Ndiponso tsiku lolembedwa 3/4 ku Britain ndi 3 Epulo, koma ku America ndi 4 Malichi. Nkwabwino kulemba dzina la mwezi.

Wachitatu ndi kubwereka. “Borrow” ndiko kubwereka, “lend” ndiko kubwereketsa. Wopempha ati, “Could you lend me your pen?” osati “Borrow me”. Pa nkhani ya ndalama, kusokoneza mawu awiriwa kusandutsa mwini chuma kukhala wangongole.

Wachinayi ndi malembo l ndi r. M'Chichewa kuwasintha sikusintha tanthauzo, koma m'Chingerezi “collect” ndiko kutenga, pamene “correct” ndiko kukonza zolakwa. Mlembi wouzidwa kukonza makalata angathe kungowasonkhanitsa nawatumiza ndi zolakwa zawo.

Wachisanu ndi “Ndikubwera”. Mchewa anena chotero pochoka, koma “I am coming” ndi mawu a munthu amene ali panjira kudza. Wochoka kanthawi ati, “I will be back in five minutes.”

4. Ulemu m'chinenero chopanda “inu”

Chichewa chili ndi “iwe” ndi “inu”, ndipo “Ndipatseni” ali kale ndi ulemu m'kati mwake. Chingerezi chili ndi “you” mmodzi yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe. Tsono ulemu wake ukhala m'mamangidwe a chiganizo. “Give me the receipt” amveka ngati lamulo, koma “Could you give me the receipt, please?” ndi pempho. “I want” ndi mawu ouma, pamene “I would like” ndi mawu ofatsa. Anthu aulemu zedi ayesedwa amwano chifukwa chosadziwa zimenezi.

Kukana nakonso kuli ndi njira yake. Pa mudzi nkovuta kukana wamkulu maso ndi maso, koma pa malonda lonjezo losakwaniritsidwa lipweteka kuposa kukana. Telala amene adziwa kuti satha kusoka malaya lero ayenera kunena kuti, “I am sorry, I cannot finish it today, but it will be ready on Monday.” M'menemo muli zitatu: kupepesa, choona, ndi tsiku lenileni. Wogula angathe kukhumudwa pang'ono, koma adzabweranso, pakuti wapeza munthu wa mawu amodzi.

Pa lamya malonje asatalike. Woimba apereke moni, atchule dzina lake ndi kumene agwira ntchito, kenaka anene chimene afuna. Asanatsazike abwereze mtengo, chiwerengero ndi tsiku, nazilembe pa pepala, chifukwa mutu uiwala koma pepala lisunga.

5. Zoyenera kuchita

Chinenero chikhala pa lilime, ndipo kuwerenga kokha sikukwanira. Aphunzitsi amene asonkhanitsa achinyamata angathe kuwaika awiriawiri, wina akhale wogula, wina wogulitsa, kenaka asinthane. Wogula alankhule mothamanga mwadala, kuti mnzake azolowere kumuimitsa ndi kufunsa. Pasakhale wosekedwa akaphonya, pakuti wosekedwa lero adzakhala chete mawa pamaso pa bwana, navomera zimene sanamve.

Mafunso okambirana

1. Kapitawo afunsa kuti, “Didn't you send the letter?” Kalatayo sinatumizidwe. Yankho loyenera ndi lotani?
2. Wogula wa pa lamya watchula nambala imene yamveka ngati 13 kapena 30. Wogulitsa anene chiyani?
3. Mmisiri wapemphedwa kumaliza denga Lachitatu, koma malata sanafike. Akane bwanji mwaulemu?
4. Nchifukwa ninji kubwereza lamulo kuteteza wantchito ndi bwana yemwe?