Phuma Likakugwirani: Mafunso ndi Mayankho kwa Odwala Mapapo

Ndinamaliza mankhwala a TB, achipatala anati ndachira. Nanga bwanji ndimabanikabe?

Tizilombo tinafa, koma zipsera zimene tinasiya m'mapapo zimatsala. Ena mapapo awo anawonongeka ndi fodya, ena utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, enanso fumbi la m'migodi ya ku Joni. Tinjira ta mpweya tikachepa, mpweya wakale umatsakamira m'kati, watsopano n'kusowa polowera. N'chifukwa chake kwa odwala ambiri chovuta kwenikweni ndi kutulutsa mpweya, ngakhale iwo amamva ngati ukukanika kulowa.

Mantha akubweramo bwanji?

Munthu akabanika amaona ngati akufa. Mtima umagunda kwambiri, mapewa amakwera, khosi limauma gwa, kupuma kumakhala kwa wefuwefu. Kupuma kothamanga chonchi sikupatsa mapapo mpata woti akhuthule mpweya wakale uja. Phuma limakula, mantha nawo n'kukula. Mantha amenewa si ochititsa manyazi, aliyense angawamve. Koma thupi lingathe kuphunzitsidwa kudekha.

Ndichite chiyani phuma likayamba?

Siyani chimene mukuchita. Khalani pampando, muweramire kutsogolo pang'ono, zigongono zili pamawondo. Ngati muli panjira, tsamirani khoma kapena mtengo. Gwetsani mapewa. Kokani mpweya ndi mphuno uku mukuwerenga chamumtima mpaka 2. Kenako songolani milomo ngati mukuuzira phala la mwana, mutulutse mpweya pang'onopang'ono mpaka 4. Musaukankhe, uzituluka wokha. Milomo ikasongoka, mpweya umatuluka mopanikizika pang'ono, ndipo zimenezi zimachititsa tinjira tija kukhalabe totseguka mpaka mpweya wakale utatuluka. Kuwerengako kukavuta, kusiyeni. Chachikulu n'chakuti kutulutsa kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka.

Kamphepo kozizira kakamawomba pamphuno ndi pakamwa, phuma limachepa kwa anthu ambiri. Dzikupizeni ndi chikatoni kapena khalani pafupi ndi zenera.

Kodi ndidikire phuma kuti ndiyeserere?

Ayi. Pamene mwabanika kale si nthawi yophunzira chatsopano. Patulani mphindi 10 m'mawa ndi madzulo, nthawi imene muli bwino. Khalani motsamira, dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Pokoka mpweya, dzanja la pamimba ndilo lizikwera, la pachifuwa lizingokhala. Mukatero fumbatani zala kwa kanthawi, kenako zimasuleni uku mukutulutsa mpweya. Chitaninso chimodzimodzi ndi mapewa, nsagwada ndi zala za kumapazi, osagwira mpweya m'chifuwa. Pakapita masabata angapo muzizindikira msanga mapewa akayamba kukwera.

Kapumidwe komweka kagwiritseni ntchito pokwera mtunda kapena ponyamula ndowa: tulutsani mpweya pa nthawi imene mukugwiritsa mphamvu. Ndipo musaleke kuyenda poopa phuma, chifukwa miyendo ikafooka, ngakhale ulendo wa kubafa umadzakhala wolemetsa.

Ine ndimasamalira wodwala. Mbali yanga ndi iti?

Musamugoneke chagada, ndipo musalole anthu kumuunjirira. Kumuuza kuti apume mwamphamvu kumangowonjezera vuto. Khalani pambali pake, mumukupize, muzipuma naye limodzi mwapang'onopang'ono kuti azitsatira inu. Mafunso adikire, wobanika sangathe kuyankha.

Ndiye mankhwala ndingasiye?

Musayerekeze. Njira zopumirazi sizichiza mapapo, zimangochepetsa kubanika. Mankhwala opopera m'kamwa, monga salbutamol, azikhala m'thumba mwanu ndipo muziwagwiritsa ntchito monga anakuuzirani achipatala. Thamangirani kuchipatala ngati milomo yasintha mtundu n'kuda, mukulephera kumaliza mawu, mukutsokomola magazi, mukumva kuwawa pachifuwa, thupi latentha, kapena mwapopera mankhwala koma phuma silikusintha. Ngati munadwalapo TB ndipo mwayambanso kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku, kayezetseni makhololo, chifukwa matendawa amatha kubwereranso.