Kunola Mpeni wa Makina Otchetchera Udzu

Alimi a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, mukudziwa kuti mvula ikagwa udzu umakula msanga m'dothi la makande. Mpeni wa makina anu ukabuntha umangong'amba udzuwo m'malo modula, ndipo petulo amatha wambiri.

Musanaugwire mpeniwo, zulani chingwe cha pulagi. Injini ingathe kulira mwadzidzidzi pamene mukupukusa mpeni ndi dzanja, ndipo zala sizimeranso.

Nolani ndi tupa, motsata kupendekeka kumene mpeni unabwera nako, pafupifupi madigiri 30. Ena amathamangira gilayinda, koma chitsulo chikatentha mpaka kubiriwira chimafewa, osasunganso kuthwa.

Mpeniwu umazungulira pafupifupi maulendo 3,000 pa mphindi imodzi. Mbali imodzi ikalemera, makina amanjenjemera ndipo shafiti imawonongeka. Tsono mukatha kunola, khomani msomali pakhoma ndi kukolekapo mpeni pabowo lake lapakati. Mbali imene yagwera pansi ndiyo yolemera. Ipaleninso kufikira mpeni utakhala mopingasa.

Mpeni wong'aluka musauwotcherere, gulani wina. Chidutswa chikathyoka chimauluka ngati mwala wa legeni, ndipo ana sachedwa kudzaonerera makina.