Nzeru Zauzimu ndi Kudziwa kwa Mumtima

M'phunziro la sabata ino tikambirana funso limene aliyense wa ife amakumana nalo: kodi mawu amene amabwera mumtima tisanaganize n'komwe, tiziwakhulupirira liti? Tonse tinanenapo kuti "mtima wanga sukuvomera" kapena "ndangomva m'thupi kuti sizili bwino." Nthawi zina kumva kotere kumapulumutsa moyo. Nthawi zinanso kumapasula banja, kumadanitsa abale, ngakhale kuphetsa munthu wosalakwa. Tiwerenge ndime iliyonse mokweza, mosinthana, ndipo pamene wina sanamvetse tiime kaye.

1. Kodi nzeru zauzimu n'chiyani?

Kwa zaka zambiri, nzeru za munthu zinkayezedwa ndi mayeso a masamu, a mawu ndi a kukumbukira. Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mayeso otere ku France mu 1905 pofuna kudziwa ana ofunika thandizo lapadera m'kalasi, ndipo m'menemo munachokera muyeso wotchedwa IQ. Mu 1983, Howard Gardner wa ku yunivesite ya Harvard anati nzeru zilipo zamitundu ingapo, monga za mawu, za masamu, za nyimbo, zomvetsa anthu ena ndi zodzimvetsa wekha. Mu 1995, Daniel Goleman anatchukitsa nzeru zodziwa kuugwira mtima pa mkwiyo, mantha ndi chisoni. Kenako mu 2000, Danah Zohar ndi Ian Marshall anatulutsa buku lonena za nzeru zauzimu, zomwe anazitcha SQ. Kwa iwo, izi ndi nzeru zimene munthu amafunsira tanthauzo la moyo wake ndi kusankhira chimene chili chofunika koposa.

Chaka chomwecho, katswiri wa zamaganizo wa ku California, Robert Emmons, anati chizindikiro chimodzi cha nzeru zimenezi ndi kutha kugwiritsa ntchito chikhulupiriro pothetsa mavuto a tsiku ndi tsiku. Gardner sanavomere kuziika pamndandanda wake, popeza zimavuta kuziyeza monga tiyezera nzeru zina. Mkangano wa akatswiriwu tiwasiyire okha. Ife titenge chitsanzo cha mayi wogulitsa chimanga pamsika. Masamu amamuuza kuti akapotoza sikelo pang'ono apeza phindu lochuluka. Kuugwira mtima kumamuthandiza kuyankha mofatsa kasitomala wolalata. Koma pali nzeru yachitatu imene imamufunsa kuti: kodi ana ako ukawadyetse ndalama yobera mnzako wanjala? Nzeru yachitatuyi ndi imene tikuitcha yauzimu, ndipo kawirikawiri imalankhula msanga, mayiyo asanayambe kuwerengera. Apa ndi pamene ikukumana ndi kudziwa kwa mumtima.

2. Kodi kudziwa kwa mumtima kumachokera kuti?

Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anafotokoza m'buku lake la mu 2011 kuti munthu amaganiza m'njira ziwiri. Ina ndi yachangu, yosafuna khama, monga kuzindikira mawu a mwana wako pakati pa ana ambiri. Ina ndi yapang'onopang'ono, monga kuwerengera ndalama za feteleza. Njira yachanguyo ndi imene timati mtima wandiuza.

Wofufuza wina, Gary Klein, anacheza ndi akuluakulu a ozimitsa moto ku America. Mmodzi anafotokoza kuti analowa ndi anzake m'nyumba yomwe moto unkaoneka ngati uli kukhitchini. Anathira madzi, koma motowo sunagonje. Mwadzidzidzi analamula onse kuti atuluke, iye mwini osadziwa chifukwa chake. Atangotuluka, pamene anaima paja panagumukira m'kati, chifukwa moto weniweni unali m'chipinda cha pansi pa nyumbayo. Atafunsidwa bwinobwino, zinadziwika kuti chipindacho chinkatentha mopitirira, pamene motowo unali wachete modabwitsa. Zaka zambiri za ntchito zinali zitamuphunzitsa kuti moto wa kukhitchini sutero, ndipo thupi lake linazindikira pakamwa pasanapeze mawu.

Mu 2009, Kahneman ndi Klein analemba limodzi kuti kudziwa kwachanguku kumadalirika pakakhala zinthu ziwiri. Choyamba, chinthucho chikhale chotsata dongosolo lobwerezabwereza. Chachiwiri, munthuyo akhale atachichita kwa nthawi yaitali, akumaona msanga ngati walondola kapena waphonya. N'chifukwa chake msodzi wakale wa ku Nkhotakota akayang'ana nyanja n'kunena kuti mwera ukubwera, anzake amakokera bwato kumtunda. Koma mnyamata wobetcha mpira pafoni, amene mtima ukumuuza kuti lero awina, akungodzinamiza. Onse awiri amamva kutsimikiza kofanana mumtima. Kutsimikizako pakokha si umboni.

3. Miyeso inayi

Zimene ofufuzawa anapeza zikutikumbutsa chiphunzitso cha 'Abdu'l-Bahá. M'nkhani zake za ku America mu 1912, anatchula njira zinayi zimene anthu amadziwira zinthu, ndipo anasonyeza kuti iliyonse payokha ikhoza kusokeretsa.

Yoyamba ndi ya maso, makutu ndi ziwalo zina za thupi. Maso amatiuza kuti dzuwa ndilo likuyenda ndipo dziko laima, pamene dziko ndilo limazungulira. Chikuni chamoto chikazunguzidwa usiku chimaoneka ngati mkombero wa moto.

Yachiwiri ndi ya kulingalira. Anthu anzeru akale a ku Greece ankatsutsana pogwiritsa ntchito kulingalira komweko, ndipo ena ankasintha maganizo pa zimene anali atatsimikiza kale.

Yachitatu ndi ya malemba ndi zimene tinalandira kwa akale. Malembawo amafuna munthu wowamasulira, ndipo womasulirayo amagwiritsa ntchito kulingalira kwake, komwe kukhoza kuphonya.

Yachinayi ndi ya kunong'onezedwa mumtima. Apa 'Abdu'l-Bahá anachenjeza kuti maganizo oipa nawonso amalowera khomo lomwelo la mtima, kotero kuti munthu akhoza kutenga chilakolako chake n'kuchiyesa mawu a Mulungu.

Polankhula ku Green Acre, m'dera la Maine, mu Ogasiti 1912, anafotokoza kuti nkhani imene miyeso inayi yonseyi ikuivomereza ndi imene tingaidalire. Tione bwino: sanatiuze kuti titaye mawu a mumtima. Anawapatsa malo ake pakati pa mboni zinayi, ndipo mboni imodzi siimaliza mlandu.

4. Mtima umaphunzira zimene timauonetsa

Pa 12 Januwale 1913, 'Abdu'l-Bahá analankhula ku London m'nyumba yosonkhanira ya a Quaker za kusinkhasinkha. Anati munthu akakhala chete amatha kufunsa mzimu wake mafunso, ndipo mzimuwo umayankha. Anafanizira mphamvu imeneyi ndi galasi, lomwe limaonetsa chilichonse chimene lalozetsedwako.

Fanizoli likugwirizana ndi nkhani ya wozimitsa moto uja. Iye anadziwa msanga za moto chifukwa anakhala akuyang'ana moto zaka zambiri. Momwemonso mtima umadziwa msanga zimene wakhala ukuyang'ana. Munthu amene amakhalira kumvetsera miseche, akaona anthu awiri akunong'onezana, mtima umamuuza kuti akunena iye. Munthu amene wazolowera kupemphera, kuwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo, ndi kuyendera odwala, akaona mnzake wangoti ndwii pamsonkhano, mtima umamuuza kuti pali chimene chikumuvuta, ndipo amamutsatira akamatuluka. Onsewa anena kuti mtima wawauza, koma mitima yawo inaphunzira kusukulu zosiyana.

M'buku la Kitáb-i-Íqán, lomwe analemba ali ku Baghdad, Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti wofunafuna choonadi ayambe watsuka mtima wake, kuti chikondi chisamukokere ku cholakwa ndiponso chidani chisamuthamangitse ku choonadi. Ambiri timadziwa kuti chidani chimapotoza maganizo. Timaiwala kuti chikondi nachonso chimatero. Kholo limene mwana wake waba limamva mumtima, ndi mphamvu yonse, kuti mwana wanga sangatero.

Choncho nzeru zauzimu zili ndi ntchito ziwiri pa kudziwa kwa mumtima. Zimakulera tsiku ndi tsiku, ndipo zimakuyesa kukalankhula.

5. Pamene mtima wosayesedwa ulamula

Nkhaniyi si ya m'mabuku okha. M'midzi mwathu mwana akamwalira mwadzidzidzi, chisoni chimafuna munthu womuloza chala. Wina amalota agogo a kuseri kwa mudzi, wina amakumbukira kuti agogowo anadutsa pakhomo dzulo lake, ndipo pofika madzulo anthu onse atsimikiza mumtima kuti apeza mfiti. Okalamba ambiri athamangitsidwa m'nyumba zawo, ena kuphedwa, mwa njira imeneyi, ngakhale kuti lamulo la dziko la Malawi la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu amene anali otsimikiza kotheratu.

Tikaika nkhani ya agogo aja pamiyeso inayi, tiona kuti maso sanaone kanthu, kulingalira kukufunsa ngati mwanayo anayezedwa malungo kuchipatala, ndipo Malemba Oyera akuletsa miseche ndi kuvulaza mnzako. Yatsala mboni imodzi yokha, mtima wodzala ndi chisoni ndi mantha. Munthu wa nzeru zauzimu pamalo otere ndi amene amaimirira n'kunena kuti tidikire, ngakhale mtima wake nawonso ukuwawa.

6. Kuyesa mawu a mumtima

Ganizo lamphamvu likatifikira, tingachite izi tisanachitepo kanthu.

Tidekhe. Ngati si ngozi ya pompopompo, tigone nalo usiku umodzi ndi kulipempherera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ganizo lobadwa mu mkwiyo limafooka kukacha, pamene loona limakhalabe.

Tifunse ngati tili ndi chizolowezi pa nkhaniyo. Mlimi akhulupirire mtima wake pa za nthaka ya munda wake, koma pa za matenda a mkazi wake apite naye kuchipatala.

Tifunse amene apindule. Ngati mawu a mumtimawo akutipatsa ife ndalama, ulemu kapena mwayi wobwezera, tiwakayikire kawiri. Ngati akutituma kukapepesa, kukabweza ngongole kapena kukathandiza wina, kawirikawiri ngozi yake ndi yochepa.

Tiwayerekeze ndi Malemba. Mawu otituma kunama, kugawanitsa anthu kapena kunyoza wina sangachokere kwa Mulungu, ngakhale atabwera m'maloto katatu.

Tikambirane ndi ena. Safunsa anadya phula. Tipereke ganizolo kubanja, kwa abwenzi odalirika kapena ku Bungwe Lauzimu, popanda kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo tikalipereka tisaliumirire ngati lathu. Tisanene kuti "Mulungu wandiuza," chifukwa mawu amenewa amatseka pakamwa anzathu. Tinene kuti "ndikumva chonchi, inu mukuona bwanji?"

Tikachita, tione zipatso zake. Msodzi uja anaphunzira chifukwa nyanja inkamuyankha tsiku lililonse. Ifenso tikamadziwerengera madzulo aliwonse zimene tachita, mtima umalandira yankho lake ndipo umanka nuphunzira.

Mafunso okambirana

a) Tchulani ntchito imodzi imene mumadziwa zinthu zake msanga musanaganize. Munaiphunzira kwa zaka zingati, ndipo ndani kapena chiyani chinkakuuzani mukaphonya?

b) Mnzanu wakuuzani kuti walota mwamuna wake ali ndi mkazi wina, ndipo akufuna kubwerera kwawo mawa. Mungamuthandize bwanji pogwiritsa ntchito miyeso inayi, popanda kunyoza zimene akumva?

c) Mphunzitsi wa kalasi ya ana akumva mumtima kuti mwana wina akuzunzidwa kunyumba, koma alibe umboni. Kodi kungokhala chete n'koyenera? Nanga kuloza chala makolo? Pali njira yanji pakati pa ziwirizi?

d) Kodi ndi zinthu ziti zimene mtima wathu umayang'ana nthawi yaitali pa tsiku, kuphatikizapo za pafoni? Zikuuphunzitsa chiyani?

Zochita sabata ino

Aliyense apatule mphindi 10 tsiku lililonse zokhala chete atatha kupemphera. Alembe m'kope ganizo limodzi lamphamvu limene lamufikira, zimene anachita poliyesa, ndi zimene zinatsatira. Tikadzakumananso, amene angafune adzatiwerengere, osatchula dzina la munthu aliyense.