Phunziro: Ntchito za Mafakitale ndi Chitetezo cha Nyanja Yathu

Nthawi: Maola awiri
Malo: Pa munda wa gulu, makamaka ngati uli pafupi ndi mtsinje kapena gombe
Zipangizo: Beseni, ndowa ziwiri za madzi oyera, kapu, inki kapena utoto uliwonse wosungunuka m'madzi, khasu, chingwe, mapepala akuluakulu ndi zolembera

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli, alimi athe:
1. Kufotokoza chifukwa chake nyanja ya Malawi imachedwa kudziyeretsa ikaipitsidwa.
2. Kuwerengera ntchito za mbali zonse ziwiri pamene fakitale kapena lamulo latsopano likubwera m'dera.
3. Kutchula zimene iwo eni angasinthe m'minda mwawo pofuna kuteteza madzi.

Mawu oyamba

Tsiku limene sitima ya Ilala yaima pa doko la Nkhata Bay, aliyense amapezapo chochita. Anyamata amanyamula katundu wopita ku Likoma ndi ku Chizumulu, amayi amagulitsa usipa, nthochi ndi chinangwa, eni mabwato ndi eni malo ogona alendo amalandira makasitomala. Onsewa akudya za m'madzi. Komabe ntchito zolembedwa m'boma lino n'zochepa. Kupatula m'minda ikuluikulu monga wa rabara wa Vizara ndi wa tiyi wa Kawalazi, achinyamata ambiri amasowa kolowera, ndipo ena amathera ku Joni.

Choncho munthu akanena kuti akubweretsa fakitale, timamvetsera ndi makutu onse. Boma likaika lamulo loletsa kuipitsa madzi, ena amati likupha ntchito. Phunziroli likutithandiza kuyeza nkhani zotere tokha, osangotsatira amene walankhula mokweza.

Gawo loyamba: Kuyesa ndi beseni (mphindi 25)

Thirani madzi oyera m'beseni mpaka lidzaze. Dontheteserani inki pang'ono ndipo takasani. Kenaka mlimi mmodzi azichotsa kapu imodzi ya madzi a m'beseni, wina azithiramo kapu imodzi ya madzi oyera. Gulu liziwerenga makapu mpaka madzi ayere monga poyamba.

Funsani: Zatenga nthawi yaitali bwanji kuipitsa madziwa? Nanga kuwayeretsa?

Fotokozani kuti beseni ili ndi nyanja yathu. Mitsinje yothira m'nyanja ndi yambiri, monga Luweya kuno kwathu, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, ku Mangochi. Madzi ambiri amachoka m'nyanja ngati nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo, ndipo nthunzi imasiya zoipa zonse m'mbuyo. Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupyola mamita 250 kupita pansi kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Nsomba zonse zimene timadya, usipa, utaka, batala ndi kampango, zimakhala m'madzi a pamwamba, omwenso ndi amene amayamba kulandira zoipa zochokera kumtunda. Madzi amene alowa m'nyanjayi amakhalamo zaka zoposa 100. Zimene tingatayemo chaka chino adzazipeza ndi zidzukulu za ana athu.

Gawo lachiwiri: Nkhani zitatu zenizeni (mphindi 35)

Werengani nkhani izi mokweza, imodzi imodzi, ndipo lolani alimi kufunsa mafunso.

1. Fakitale ya mapepala ya ku Chintheche

Boma linadzala mitengo ya paini pa mahekitala pafupifupi 53,000 ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, n'cholinga choti idzagayidwe kukhala phala lopangira mapepala. M'zaka za m'ma 1970 panali dongosolo lomanga fakitale yake ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja, m'boma lathu lomwe lino. Fakitale yotere imamwa madzi ochuluka kwambiri ndipo imatulutsa madzi otsalira okhala ndi mankhwala. Akatswiri a za nsomba anada nkhawa kuti madziwo akathera m'nyanja. Panalinso vuto la ndalama zomangira ndi la mayendedwe a katundu kupita kunja. Fakitaleyo sinamangidwe. Ntchito zimene anthu ankayembekezera sizinabwere, mitengo ija inayamba kuchekedwa matabwa, ndipo gombe la Chintheche lidakali la asodzi ndi alendo.

Ngati pagulu pali achikulire amene akukumbukira nthawi imeneyo, apatseni mpata afotokoze zimene anaona ndi kumva.

2. Majumbo opyapyala

Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60, monga timajumbo timene amatikulungira tomato pa msika. Makampani opanga mapulasitiki anapita kukhothi nakatenga chiletso, ponena kuti anthu ambiri achotsedwa ntchito. Mu 2019 khothi lalikulu la Supreme linagamula kuti lamulolo ndi loyenera, koma milandu ina inapitirira ndipo majumbowo anakhalabe m'misika kwa zaka zina. Maiko ena a kuno ku Africa anadutsa njira yomweyi: Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017 ndipo Tanzania mu 2019.

Nkhawa ya ogwira ntchito m'mafakitalewo inali yoona, chifukwa nawonso ali ndi ana oti adye. Koma pa zaka zonse za milanduzo, majumbo anali kutseka ngalande, kukwiririka m'minda ndi kukokolokera m'nyanja. Mbuzi kapena ng'ombe ikadya jumbo, silimagayika. Limaunjikana m'chifu, chiweto chimaonda ngakhale msipu ulipo, ndipo nthawi zina chimafa. Wogwira ntchito m'fakitale ali ndi dzina m'buku la malipiro, ndiye n'kosavuta kumuwerenga. Mlimi amene mbuzi yake yafa salembedwa m'buku lililonse.

3. Mafuta a pansi pa nyanja

Mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta ku chigawo cha kumpoto kwa nyanja. Ena anakondwa poganizira ntchito ndi ndalama za misonkho. Asodzi ndi mabungwe a zachilengedwe anafunsa kuti mafuta atatayika, angawachotse ndani, ndipo ndi zipangizo ziti? Mpaka pano palibe mafuta amene akupopedwa m'nyanjayi, koma nkhaniyi ikhoza kudzabweranso.

Gawo lachitatu: Sikelo ya mafunso asanu (mphindi 35)

Lamulo la kasamalidwe ka chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limayang'anira nkhani za kuipitsa madzi, nthaka ndi mpweya. Ntchito yaikulu isanayambe, mwini wake amayenera kuchita kafukufuku wotchedwa ESIA, woona momwe ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa maganizo. Msonkhano wotere ukaitanidwa, musatumize amfumu okha. Pitani, amayi ndi abambo, mutanyamula mafunso awa:

1. Ntchito zidzakhala zingati, za miyezi kapena zaka zingati, ndipo ndi zingati zimene adzalembedwe ndi anthu a kuno?
2. Ndi anthu angati amene akudya kale za madzi kapena nthaka imeneyi: asodzi, oyanika ndi ogulitsa nsomba, alimi a mpunga ndi a madimba, otunga madzi akumwa?
3. Zinyalala ndi madzi otsalira zidzapita kuti, ndipo zidzayeretsedwa bwanji zisanatayidwe?
4. Ndani adzayeza madzi, kangati pa chaka, ndipo zotsatira zake tidzazimva kuti?
5. Zinthu zikalakwika, kapena kampani ikatseka n'kuchoka, adzalipira ndi kukonza ndani?

Gawani alimi m'magulu atatu. Yerekezani kuti munthu akufuna kumanga fakitale yogaya chinangwa m'mbali mwa mtsinje wa m'dera lanu. Gulu loyamba likhale eni fakitale, lachiwiri likhale achinyamata ofuna ntchito pamodzi ndi alimi ofuna msika wa chinangwa, lachitatu likhale asodzi ndi amayi otunga madzi kumunsi kwa mtsinje. Kumbutsani onse kuti madzi ofinyidwa m'chinangwa chowawa amakhala ndi poizoni, monga tonse tidziwira poviika chinangwa cha kondowole. Gulu lililonse liyankhe mafunso asanu aja, kenaka onse agwirizane mfundo zimene fakitaleyo iyenera kutsata kuti iloledwe.

Chidziwitso kwa wotsogolera: Musalole kuti zokambirana zithere pa "inde" kapena "ayi" basi. Thandizani alimi kupeza njira zina, monga kuimanga kutali ndi mtsinje, kukumba maiwe osungiramo madzi otsalira kuti ayere asanatuluke, kusandutsa makoko kukhala manyowa, ndi kupatsa mwini fakitale nthawi yodziwika yokonzera zolakwika. Kuyeretsa madzi kumadya ndalama, n'zoona. Koma fakitale ikapanda kulipira mtengo umenewo, sikuti wafafanizika. Amaulipira a kumunsi kudzera m'matenda ndi m'kusowa kwa nsomba.

Gawo lachinayi: Nanga ife? (mphindi 25)

Lamulo silikhudza mafakitale okha. Yezani ndi chingwe malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, m'munda wa pafupi ndi nyumba kapena njira. Kumbani kuya kwa khasu limodzi ndipo werengani zidutswa za pulasitiki zimene mwapeza. Lembani chiwerengerocho m'buku la gulu.

Kenaka kambiranani njira izi:

- Musatsukire sipuleya mumtsinje kapena m'nyanja. Tungani madzi, mukatsukire kumunda, kutali ndi chitsime.
- Botolo la mankhwala likatha, litsukuluzeni katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenaka libooleni kuti wina asasungiremo mchere kapena madzi akumwa.
- Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Siyani bango ndi mitengo, ndipo dzalani vetiva. Dothi lokokoloka limakwirira malo oswanirana nsomba, ndipo limapita ndi feteleza amene mwagula ndi ndalama zanu.
- Pa malo otsetsereka, omwe ndi ambiri kuno, pangani mizere yopingasa ndi akalozera.
- Popita ku msika tengani dengu kapena chikwama cha nsalu. Oluka madengu ndi osoka zikwama nawonso ndi anthu ofuna ntchito.

Mfundo zofunika kukumbukira

- Nyanja yathu imaipitsidwa msanga koma imachedwa kuyera. Madzi akatayika saoleka.
- Poyeza phindu la fakitale, werengani ntchito zobwera pamodzi ndi ntchito zimene zilipo kale zomwe zingaonongeke.
- Lamulo labwino limauza fakitale momwe ingagwirire ntchito popanda kutaya zoipa zake kwa ena.
- Tili ndi ufulu wofunsa mafunso ntchito isanayambe. Tikaona madzi asintha mtundu kapena fungo, kapena nsomba zikufa, tidziwitse komiti ya pa gombe, alangizi kapena ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma.

Ntchito ya sabata ino

Mlimi aliyense ayende kuchokera pa munda wake kutsata kumene madzi a mvula amalowera mpaka pa mtsinje kapena pa gombe. Aone zimene madziwo amanyamula ndiponso anthu amene amawagwiritsa ntchito kumunsi. Pa msonkhano wotsatira tidzajambula mapu amodzi a dera lonse ndi kusankha malo awiri oyamba kudzalapo vetiva.