Phunziro: Ngongole ikakukulirani, musathawe

Ife amene timayendera odwala m'makomo ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Zolozolo timakumana kawirikawiri ndi vuto limene dokotala salilemba m'buku la kuchipatala: ngongole. Matenda ndi maliro zimadya ndalama. Thiransipoti yopita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chakudya cha wodwala, bokosi, zonsezi zimafuna ndalama ya lero lomwe, ndipo amene amapezeka msanga ndi wakatapila.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwatenga K20,000 ndipo mwagwirizana kuti chiwongoladzanja ndi theka pa mwezi. Mwezi ukatha mubweza K30,000. Mukalephera, mwezi wachiwiri yafika K45,000, wachitatu K67,500. Geni ya tomato singathamange liwiro limeneli. Ena amafika posiya khadi lawo la ATM m'manja mwa wakatapila, malipiro n'kumathera komweko.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti anthu ena, poopa eni ndalama, amathawira kumudzi usiku, tsiku lokalandira ma ARV n'kudutsa. Abale athu, mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, koma mukamadumphitsa, kachirombo kamachulukanso ndipo kangathe kupima mankhwalawo. Ngati mukusamuka, uzani achipatala akulembereni kalata yoti muzikalandirira kumene mukupitako.

Koma ife tikuti musathawe. Lembani ngongole zonse papepala, ndi ya mchere ya pa okala yomwe. Yambani ndi imene ikubereka msanga. Pitani nokha kwa mwini ndalama asanakulondoleni, mutatenga mboni monga a mfumu a m'dera lanu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mupemphe kuti chiwongoladzanja chiime, muzibweza pang'onopang'ono. Lonjezani zimene mungathedi. Ndalama iliyonse mwapereka ilembedwe, nonse musayine. Ndipo musatenge ndalama ku banki mkhonde kuti mukatseke katapila. Taona magulu akutha chifukwa cha zimenezi.

Dziwaninso kuti bizinesi yobwereketsa ndalama imafuna chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo khoti lili ndi mphamvu younikanso chiwongoladzanja chopyola muyeso. Wina akamakuopsezani, kapena akamauza mwana wanu wamkazi kuti agone naye kuti ngongole ithe, kanenezeni kupolisi ku Victim Support Unit. Ngati mwalandira samani koma mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi muno mu Mzuzu. Popita kumeneko tengani mapepala onse aja munasayinirana.